Pasiwedi ndi apongozi

Ku Chiradzulu kuno, komwe a MSF adayamba kupereka ma ARV mu 2001, nkhani ya chinsinsi cha wodwala si yachilendo. Tsopano lamulo la Data Protection Act la 2024 likuti mbiri ya munthu isamangoyenda mwachisawawa, ndipo alonda ake ndi a MACRA. Kompyuta ya kuchipatala ndi yomvera ndithu: popanda pasiwedi siitsegula pakamwa, ngakhale atafunsa ndi a gulupu.

Koma wakabaza alibe pasiwedi. Amadziwa tsiku limene mumapita, ndi khomo limene amakutsitsani. Nanga buku la kuchipatala lija, logona m'chikwama limodzi ndi ndalama za kuchigayo, limene apongozi amalitsegula ati akufuna tchenje? Apongoziwo a MACRA akawafunse okha, ine ndilibemo.