Malangizo kwa Mwini Mbuzi Amene Safuna Kudziwika

Mbuzi ya kumudzi ndi chiweto chimene umwini wake umasintha malinga ndi malo amene chapezeka, chifukwa ikakhala m'khola imakhala ya bambo wa pakhomopo, ikafika pamsika imakhala ya amene wagwira chingwe, koma ikapezeka m'munda mwa eni itamaliza mizere ya nandolo imasanduka yamasiye, yopanda khola ndiponso yopanda munthu amene anaionapo chibadwire. Popeza mchitidwewu unakhazikika kuyambira ku Chigwa cha Shire mpaka ku Karonga, ndipo palibe chosonyeza kuti utha msanga, n'koyenera kuti ulembedwe mwadongosolo, kuti mlimi amene wangoyamba kumene kuweta asadzichititse manyazi pakati pa anzake posamala ziweto zake mopitirira muyeso.

Gwero la nkhani yonse ndi nyengo. Mvula ikagwa mu Novembala kapena Disembala, nyakwawa, imene ndi mfumu yoyang'anira mudzi umodzi, imalengeza kuti ziweto zimangidwe, ndipo chimanga chikalowa m'nkhokwe cha mu Epulo kapena Meyi zingwe zimamasulidwa. Dongosololi linali lanzeru pamene munda unkatha ndi chimanga, koma nandolo amene alimi a ku Mulanje, Zomba, Machinga ndi Balaka amabzala pamodzi ndi chimangacho amakhalabe m'munda mpaka Ogasiti kapena Seputembala, chinangwa chimatha chaka chathunthu chili m'nthaka, ndipo madimba a masamba ndi tomato amayamba kubiriwira nthawi yomweyo imene mbuzi zapatsidwa ufulu. Pamwamba pa izi pali mbande zimene zimabzalidwa m'nyengo yobzala mitengo, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, komanso mapesi amene alangizi amauza alimi kuti asatenthe koma aphimbire nthaka. Motero lamulo loyamba likuti mwini mbuzi aziwerenga nyengo potengera nkhokwe yake yokha: iye akangokolola, dziko lonse lakolola, ndipo aliyense amene mbewu yake ikadali m'munda wachedwa mwadala.

Lamulo lachiwiri likukhudza chingwe, ndipo limafuna luso kuposa onse. Anthu osaphunzira amaganiza kuti ntchito ya chingwe n'kugwira mbuzi, pamene ntchito yake yeniyeni n'kupereka umboni, chifukwa mbuzi imene yagwidwa m'munda ikukoka kachingwe kumbuyo imasonyeza poyera kuti mwiniwake anayesetsa ndipo chilengedwe ndicho chinamugonjetsa. Chotero chingwe choyenera ndi cha khonje chimene chinanyowa ndi mvula ya zaka ziwiri, kapena nsanza ya neti yotetezera udzudzu imene inalandiridwa kuchipatala, ndipo chikhomo chake chikhomedwe ndi mwala kawiri kokha pa dothi lofewa la m'malire. Ngati mwatsoka chingwecho chili cholimba, utali wake uyezedwe mosamala kuti chikhomo chikhale m'munda mwa mwini mbuzi koma pakamwa pa mbuzi pafike mzere wachitatu wa mnansi. Mlimi amene amamanga mfundo yosathina pakhosi, amasuntha chikhomo kawiri kapena katatu patsiku, amasankha malo a mthunzi ndi kupereka madzi, amawononga mbiri ya anzake, ngakhale kuti iye yekha ndi amene mbuzi zake zimatuluka m'dzinja zili ndi mnofu. Mbuzi yomangidwa pamalo amodzi imadya udzu umene yachitirapo ndowe, ndipo mazira a njoka za m'mimba amaswa kwambiri m'nyengo ya mvula, n'chifukwa chake mbuzi zambiri zimaonda ndi kutsekula m'mimba pamene msipu uli wobiriwira.

Lachitatu ndi lalifupi: mbuzi isaikidwe chizindikiro chilichonse. Kachikwangwani kapulasitiki ka pakhutu, kudula nsonga ya khutu mwa mtundu wa banja, ngakhale utoto wa panyanga, zonsezi zimachotsa chikaiko, ndipo chikaiko ndicho chuma cha woweta. Pabwalo la mfumu, mbuzi itamangidwa pa mtengo wa mango ndi masamba a nandolo akadali pakamwa, mwiniwake aiyang'ane nthawi yaitali, aizungulire, apukuse mutu, kenaka anene modzichepetsa kuti, "Zikomo amfumu, mbuzi zakuda m'mudzi muno n'zambiri, iyi ine ndikuiona lero." Vuto lokhalo ndi lakuti mbuziyo ikamasulidwa imalunjika kukhola kwake popanda woitsogolera, ndipo ana a pakhomopo, amene sanaphunzitsidwe za milandu, amailandira poitchula dzina.

Kusadziwa kumeneku kumatha msanga mbuziyo ikabwerera ikutsimphina. Pamenepo munthu yemweyo amakumbukira mayi ake a mbuziyo, agogo ake, mwezi umene inabadwa ndi mtengo umene wogula wina wa kutauni analonjeza, ndipo apa mpamene pamalowa lamulo lachinayi, lokhudza mitundu ya mbuzi. Lamuloli likuti mtundu wa mbuzi umadalira mbali imene mwiniwake wakhala pabwalo. Akakhala woimbidwa mlandu, mbuziyo ndi kambuzi ka makolo kamene sikangathe kumaliza ngakhale phando limodzi. Akakhala wodandaula, ndi Boer weniweni, wa bere la mapasa.

Kuti bwalo lisapusitsidwe, mitunduyi ili ndi zizindikiro zooneka ndi maso. Mbuzi ya makolo, imene akatswiri a ziweto amaiika m'gulu la mbuzi zing'onozing'ono za kum'mawa kwa Africa, ili ndi thupi laling'ono, ubweya waufupi, makutu aafupi oimirira kapena oloza m'mbali, mphuno yowongoka ndi maonekedwe osiyanasiyana, yakuda, yofiirira, yoyera kapena yamawangamawanga, ndipo yaikulu nthawi zambiri imalemera makilogalamu apakati pa 25 ndi 35. Boer ndi mbuzi ya nyama yochokera ku South Africa, kumene bungwe la oiweta linakhazikitsidwa mu 1959, ndipo imadziwika ndi thupi loyera, mutu ndi khosi zofiirira, makutu aakulu olendewera m'mbali mwa nkhope, mphuno yokhota ndi nyanga zopindikira kumbuyo. Tonde wake wamkulu wodyetsedwa bwino amapitirira makilogalamu 100, kutanthauza kuti mbuzi imene mnyamata wa kabaza waimangirira pakaliyala pamodzi ndi inzake si Boer wamkulu, kaya wogulitsa alumbire motani. Ku South Africa komweko kuli Kalahari Red, yofanana thupi ndi Boer koma yofiira paliponse, ndi Savanna, ya ubweya woyera pa khungu lakuda. Za mkaka n'zosiyana kapangidwe, zimakhala zowonda m'chiuno, za miyendo yaitali ndi bere lalikulu: Saanen ya ku Switzerland ndi yoyera, ya makutu oimirira, ndipo khungu lake limapsa ndi dzuwa, pamene Toggenburg, ya dziko lomwelo, ndi yofiirira, ya mizere iwiri yoyera kumaso ndi miyendo yoyera kumunsi.

Komabe wogulitsa pamsika asadzivute ndi zonsezi. Mbuzi iliyonse ya banga lofiira pamutu aitche Boer, iliyonse yoyera aitche ya mkaka, ndipo ya ndevu zazitali kapena ya tinyama tiwiri tolendewera pakhosi aitche yakunja, ngakhale kuti ndevu ndi tinyamato zimapezeka pa mitundu yambiri, pa zazimuna ndi zazikazi zomwe, ndipo sizinena kanthu za mtundu. Zambiri mwa mbuzi zimene zimatchedwa Boer m'misika ya kumidzi ndi zosakaniza, ndiko kuti ana a tonde wa Boer ndi mbuzi ya makolo kapena zidzukulu zake, ndipo khutu ndilo limaulula, chifukwa limangogwa theka, osaimirira koma osafikanso pansagwada. Mtundu weniweni wosasakaniza sutsimikizidwa ndi maso okha koma ndi zolembedwa za makolo a mbuziyo, zimene woweta wotsatira lamulo lachitatu sangakhale nazo. Zaka nazonso amazichepetsa, koma pakamwa sipanama: mbuzi ilibe mano akutsogolo kumwamba, ili ndi 8 kumunsi, ndipo awiri apakati a ubwana amalowedwa m'malo ndi aakulu ikangopitirira chaka chimodzi, kenaka awiriawiri chaka ndi chaka mpaka onse 8 atakwanira ikamafika zaka 4. Mbuzi ya mano otha ndi otalikirana imene ikugulitsidwa ngati msoti, kutanthauza yaikazi imene sinaberekepo, yaona zikondwerero zambiri za Khirisimasi.

Pano nthabwala ziyambe zaima. Amene amalipira ufulu wa mbuzi za m'mudzi si mwini esiteti wokhala ndi waya ndi alonda, koma mayi wokalamba wa theka la ekala, amene nandolo wake ndiye ndiwo, mchere ndi sopo wa chaka chonse, ndipo amakhala tsiku lathunthu padzuwa ndi kamtengo m'manja kulondera ziweto zimene si zake. Ndipo mwini mbuziyo sapindulanso. Mbuzi zikamayenda mosakanikirana, tonde aliyense amakwera iliyonse, kuphatikizapo ana ake ndi timisoti ta miyezi yochepa timene sitinakhwime, pamene atonde aakulu ndiwo amayamba kugulitsidwa fizi ikafunika kapena maliro akagwa, n'kutsala onyentchera kuti abereketse mudzi wonse. Bere la mbuzi limatenga masiku pafupifupi 150, choncho kulakwitsa kumodzi kumabwerezedwa mwachangu, ndipo pakapita zaka anthu amadabwa kuti mbuzi za masiku ano zafupika. Tonde wa Boer amene amabwera ndi mabungwe m'ndondomeko yopatsirana ziweto, m'mene wolandira amapereka ana oyamba kwa banja lina, sapirira nkhupakupa ndi njoka za m'mimba mofanana ndi mbuzi ya makolo, ndipo akasiyidwa kuti adzifunire yekha chakudya, popanda madeya, masangwi a mtedza, masamba a lukina, mankhwala kapena khola la m'mwamba limene ndowe zimagwera pansi, amafa asanasiye mbewu, anthu n'kumati anamulodza.

Malamulo otsalawo safuna kufotokoza kwambiri. Ufa woyanika pamphasa ndi wa mbuzi imene yafika poyamba, ndipo mayi amene analowa m'nyumba kukatenga lichero analakwa yekha. Maluwa a pasukulu, makope oiwalidwa pansi pa mtengo ndi nkhata za kumanda ndi msipu. Phula la msewu wa M1 limafunda bwino madzulo, choncho mbuzi zigone pamenepo, ndipo woyendetsa galimoto akagunda imodzi adziwe kuti wagunda Boer. Goli, limene ndi mtengo wa mphanda womangidwa pakhosi kuti chiweto chisalowe pampanda, livekedwe mbuzi yofatsa yokha, yolusayo isiyidwe chifukwa imavuta kugwira.

Mwini munda nayenso ali ndi njira yake yotayira mlandu umene anali atapambana kale, ndipo njirayo ndi chikwanje, mwala kapena madeya othira mankhwala a makoswe. Akangothyola mwendo wa mbuzi, nandolo wake amaiwalika, wodandaula amasanduka woimbidwa mlandu, ndipo popeza kupha kapena kuvulaza dala chiweto cha mwini ndi mlandu m'malamulo a Malawi, nkhani imene ikanathera pansi pa mtengo imakafika kupolisi. Madeya apoizoniwo amadyanso nkhuku ndi agalu, ndipo nyama ya mbuzi yofa motero imatha kukathera pachiwaya cha kanyenya. Njira yotopetsa, imene imagwira ntchito, ndi kugwira mbuziyo osaimenya, kuimanga pamthunzi patali ndi ziweto za pakhomo chifukwa ikhoza kubwera ndi matenda, kuipatsa madzi, kuitana mboni ziwiri zisanafufutike mphondero, kuwerenga mapando owonongeka, kujambula pafoni ngati ilipo, ndi kukanena kwa nyakwawa tsiku lomwelo, mlangizi wa zaulimi n'kuthandiza kuyerekeza mtengo wa mbewuyo kuti chindapusa chisachoke m'mutu mwa munthu wokwiya. Mbuzi imene palibe waizindikira isalowetsedwe m'khola mwakachetechete poyembekeza kuti ibereke, chifukwa mwina inathawa m'manja mwa akuba, ndipo amene wapezeka nayo ndiye wakuba. Mfumu ndi apolisi a m'mudzi adziwitsidwe, ndipo aliyense wofuna kupita nayo kudera lina afunsidwe kalata ya chilolezo yochokera kwa alangizi a ziweto.

Pali mlandu umodzi umene dongosolo lonseli silinaupezere yankho, ndiwo wa mbuzi zimene zikamasulidwa pabwalo zimayenda pang'ono n'kulowa m'khola la kuseri kwa nyumba ya amfumu. Zikatero nduna zimatsokomola, zimakumbutsa anthu kuti mudzi ndi umodzi ndipo chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe, kenaka chigamulo chimatuluka chakuti mbuzi ilibe nzeru, choncho wokhala ndi nzeru ndiye amange mpanda. Mayi wa theka la ekala amawomba m'manja mwaulemu, amati, "Zikomo gogo chalo, tamva," amalipira chabwalo, chimene ndi ndalama yothokozera oweruza, ndipo amanyamuka kukafuna mitengo ya mpandawo m'nkhalango ya mudzi, imene mbande zake zinadyedwa ndi mbuzi zomwezo chaka chatha.