Momwe mungagwirire ganyu waulere ku Acadia

Choyamba, iwalani za malipiro. Ku Acadia National Park, pa chilumba cha Mount Desert m'dera la Maine ku America, munthu amalawirira m'mamawa atavala nsapato zogula yekha, kamba wonyamula yekha, n'kupita kukafukula ngalande mpaka msana kuuma. Poweruka, wothokoza amakhalanso iye yemweyo. Bungwe la Friends of Acadia, lomwe lidayamba mu 1986, lidzakubwerekani zida. Mukadzafunsa kuti "kodi mwezi ukatha tilandira zingati?" adzangoseka, n'kukuonjezerani wilibala.

Mdani wanu woyamba ndi madzi. Misewu ya ngolo za akavalo yomwe John D. Rockefeller Jr. adamangitsa pakati pa 1913 ndi 1940, yotalika makilomita oposa 70, ilipobe chifukwa cha ngalande zake. Masamba akayoyoka amatseka ngalandezo, madzi n'kudzera pamsewu kukokolola miyala. N'chifukwa chake mwezi wa Novembala kumakhala tsiku la Take Pride in Acadia, anthu n'kukhamukira kukakokola masamba. Mitengoyo chaka chamawa idzayoyolanso. Musapse nayo mtima, ilibe makutu.

Sungani mkwiyo wanu, mudzaufuna ku miyala. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Waldron Bates adayambitsa kaunjikidwe kake ka miyala yolozera njira pamatanthwe: iwiri pansi, wina wophwatalala wogona pamwamba pake, ndiye kamwala kamodzi pamwamba penipeni koloza kopita. Basi. Chifunga chikatsika kuchokera kunyanja, timiulu timeneti pamodzi ndi mizere ya penti wabuluu ndi zomwe zimabwezera munthu kwawo ali wamoyo. Koma mlendo akaona miyala inayi, mtima umamuuza kuti pakusowa wachisanu. Wina amamanga nsanja yakeyake pambali, yoloza kuphompho. Odzipereka omwe amayang'anira miuluyi amatchedwa Waldron's Warriors, ngakhale nkhondo yawo ndi yowerama ndi kutola basi.

Ndiye mukapeza bambo akuthandiza mwana wake kuunjika miyala, musakalipe. Perekani moni, funsani ngati ayenda bwino. Kenako fotokozani mofatsa kuti dothi la pamwamba pa phiri ndi lochepa kwambiri, mwala ukazulidwa mizu ya tizomera imatsala pamtunda, mvula n'kudzamaliza. Bamboyo adzagwedeza mutu kuti wamva, mwinanso kukuthokozani chifukwa cha ntchito yanu yabwino. Mukangokhota kuseri kwa thanthwe, adzaikapo mwala wina kuti chithunzi cha pa Instagram chikome. Pakiyi idalandira maulendo pafupifupi 4 miliyoni mu 2021. Inu ndi manja anu awiri, werengetserani nokha.

Pankhani ya kavalidwe, pisirani buluku m'masokosi. Mudzaoneka ngati wosokonekera mutu, koma nkhupakupa za ku Maine zimafalitsa matenda a Lyme ndipo sizisankha kuti uyu ndi wodzipereka. Mukamva kuti njira ya Precipice, ija yokwera mogwira zitsulo zokhomedwa m'thanthwe, aitseka chifukwa akabawi amtundu wa peregrine akufungatira mazira, musadandaule. M'paki yonseyi, mbalamezo ndi zokhazo zomwe zimathamangitsa alendo popanda kupepesa.

Chomaliza, musayembekezere kuti wina aona zomwe mwachita. Sitepe ya mwala yoikidwa bwino sigwedezeka, choncho woponda saidziwa n'komwe. Amakumbukira yokhayo yomwe idamupunthwitsa. Adzakupezani muli matope mpaka m'mawondo, thukuta lili kamukamu, n'kufunsa ngati nsonga ya phiri la Cadillac, ija ya mamita 466, ikadali patali. Pukutani kumaso, mwetulirani, muwauze kuti pamwambapo pamafika galimoto, bola akadagulira malo pa intaneti.