Fufutani Amalume, Muyambirenso

Bandulo ya intaneti yakweranso mtengo. Kampani yake sindiitchula, chifukwa ndili nayo ngongole ya mayunitsi, ndipo wangongole salankhula mokweza. Kukwerako pakokha sikundidabwitsa. Ife a ku Bindura tikadzuka n'kupeza buledi ali pamtengo wadzulo, timafunsana ngati kwagwa zovuta. Chondiwawa n'chakuti bandulo imene ndimagulira kumva mauthenga a maliro a kwathu ku Dedza pa WhatsApp ikumathera ku China.

Woithera kumeneko ndi mwana wa achemwali anga, amene akukhala nafe ku Chipadze podikira malo pa yunivesite ya Bindura. Mnyamatayu wagwidwa ndi masewera a pafoni otchedwa Genshin Impact, amene kampani ya miHoYo ya ku Shanghai inatulutsa mu 2020. Masewera amtunduwu amawatcha gacha. Umayenda m'dziko lazojambula kumenyana ndi zilombo, koma ankhondo okuthandiza susankha wekha. Umachita mayere. Uponya timiyala 160 ta m'masewera momwemo, kumwamba kugwa nyenyezi, ndiye pamatuluka amene watuluka. Timiyalato tikatha, ena amagula tina ndi ndalama zenizeni, zomwe zija timagulira ufa.

Ankhondo apamwamba ndi a nyenyezi zisanu. Mwayi wopeza mmodzi pakuponya kumodzi ndi 0.6 pa 100, ndipo kampaniyo inachita kulemba poyera, yopanda manyazi. Ukaponya mpaka ka 90 osapeza kanthu, amakumvera chisoni n'kukupatsa mmodzi, koma akhoza kukhala amene umafuna kapena wina. Akatuluka wina, wotsatira ndi wako ndithu. Ndiye kuti munthu watsoka lotheratu amafika pa 180, n'kupeza chimene amalira.

Mwana wa achemwali ndalama alibe, koma nthawi ali nayo yokwanira kugawirako ena. Akaunti yatsopano imalandira mayere angapo aulere. Iye atsegula akaunti, asewera chiyambi chonse, aponya mayere aja. Akatuluka wolakwika, ataya akauntiyo, atsegula imelo ina, ayambiranso. Kamwana kouluka kotchedwa Paimon kamafotokozanso nkhani yomweyo, moti pano ine amene sindisewera ndimakalota usiku. Maimelo amene watsegula angakwanire mpingo wonse wa CCAP, kwaya ndi amayi a chigwirizano omwe.

Ndinamufunsa kuti akufuna yani makamaka. Anati Zhongli. Ameneyu akuti ndi mulungu wa miyala, wazaka zoposa 6,000, ndipo ndi amene ankapanga ndalama ya dziko lonselo yotchedwa Mora. Koma mwiniwake amayenda m'thumba muli mbee! Akadya, amalipira ndi anzake.

Ndinati, "Mwana iwe, ukuthera bandulo yanga kufunafuna munthu wotereyu ku China? Tuluka panja. Munthu wa miyala, wofukula chuma cha dziko, woyenda wopanda khobidi, komboni ya mgodi wa Trojan yadzaza ndi omwewo. Wina ndi uno wakhala pampandoyu, ndipo sanachitidwe mayere."

Iye anati ine ndine wa nyenyezi zitatu. M'masewera muja nyenyezi zitatu sapereka kwa anthu. Amapereka kwa zida zimene ukatola umangozisungunula.

M'malo mwa Zhongli, amene amamutulukira ndi Qiqi, kamtsikana kamene kanafa n'kuukitsidwa, koiwala chilichonse pokhapokha katalemba m'kabuku. Mnyamata akakaona amagwira mutu. Ine ndimakalemekeza, poti ndinakumanapo ndi abale ake pa ofesi ina kumene ndimapita kukafunsa za penshoni. Kusiyana kwake n'kwakuti awo ndi kabuku komwe anataya.

Tsopano vuto lililonse pakhomo pano yankho lake ndi limodzi. Ndiwo zapserera: "Fufutani amalume, muyambirenso." Timu yagonja: "Fufutani amalume." Mawu akamveka tsiku ndi tsiku amalowa m'magazi, ndiye ndinapita pa okala pamene ndili ndi ngongole ya sopo ndi shuga. Ndinavala chipewa, ndinasintha mawu, ndinauza mayi wa pamenepo kuti ndine kasitomala watsopano, ndipo ndikupempha zaulere za olowa kumene. Mayiyo anandiyang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu n'kunena kuti, "Akaunti ndi yatsopanodi bambo, koma nsapato ndi zomwe zija." Anatsegula kabuku pa tsamba langa lakale.

Kunyumba ndinangoyamba kufotokoza mfundoyi, sindinamalize. Mayi akunyumba anaika chipande pansi.

"Abambo, ine ndinaponya kamodzi kokha, pamaso pa abusa, n'kutuluka inu. Anandiuza kuti palibe kubweza. Chiyambire ndikudikira ka 90 kaja kuti mwina andimvere chisoni. Ngati kuli kofufuta, mundilondolere, ndiyambe ndine."

Nkhaniyo inathera pomwepo.

Komatu mnyamatayu asadzitame ngati luso limeneli labwera ndi foni. Agogo athu ndiwo akatswiri. Anachoka ku Nyasaland wapansi, kuwoloka Zambezi cha ku Tete, kudzafuna ntchito m'migodi ndi m'mafamu a Rhodesia. Mgodi ukakhala wankhanza, munthu ankathawa usiku, kutaya chitupa, kupeza china cha dzina lina, n'kukalembedwa pa mgodi wina ngati mlendo wofika kumene. Agogo anga anali ndi maina angapo, moti pamaliro pawo panabwera magulu a anthu olira anthu osiyana, bokosi lili limodzi. Koma kulikonse kumene ankaponya mayere, ankatulukira fosholo ndi kachipinda ka m'komboni. Ana awo obadwira konkuno analandira chitupa cholembedwa kuti ALIEN, ndipo anadikira mpaka malamulo oyendetsera dziko a 2013 kuti awerengedwe ngati eni dziko limene anabadwiramo.

Migodi nayo imadziwa kaseweredwe kameneka. Trojan inali m'manja mwa Anglo American, kenako Mwana Africa, imene inadzasintha dzina kukhala Asa Resource, kenako Kuvimba. Inaima mu 2008, inayambiranso mu 2012, inaimanso mu 2023. Chikwangwani cha pageti chimasintha, dzenje ndi lomwe lija.

Koma mfumu ya ofufuta onse ili ku Harare. Mu 2006 Reserve Bank inachotsa maziro 3 pa dola yathu n'kuyambiranso. Mu 2008 inachotsa 10. Mu 2009, titagwirako pepala la 100 trillion limene silinkakwanira ulendo wa pa kombi, inachotsa 12. Onse pamodzi maziro 25, ndipo Zhongli sanatuluke. Akaunti ija inatayidwa, tinabwereka dola ya America. Mu 2016 kunabwera ma bond note, amene anatiuza kuti ndi ofanana ndi dola ya America. Mu 2019 kunabwera dola ya RTGS. Pa 5 April 2024 kunabwera ZiG, ya nyenyezi zisanu, yotsamira pa golide, mwina wina wake wofukulidwa pa mgodi wa Freda Rebecca pompa. Inayamba pa 13.56 pa dola imodzi ya America. Pa 27 September chaka chomwecho inali itadutsa 24. Mnyamata atamva mndandandawu anaika foni pansi mwaulemu, ngati wophunzira amene wakumana ndi aphunzitsi ake.

Apa ndiye ndisiye kaye nthabwala. Mwana wa achemwali akataya akaunti, amataya yake, ndipo m'kati mwake mumakhala mulibe kanthu. Boma likataya ndalama, m'kati mwake mumakhala zaka makumi atatu za munthu amene ankatsika mumgodi m'bandakucha, akumudula penshoni mwezi ndi mwezi. Mu 2015, potseka dola yakale, akaunti ya kubanki yokhala ndi ndalama zofika 175 quadrillion inapatsidwa madola 5 a ku America. Chaka chomwecho kunakhazikitsidwa komishoni ya Jaji George Smith yofufuza momwe mapenshoni ndi mainshuwalansi anasungunukira, ndipo ambiri mwa okalamba amene inkawafufuzira anapita kumanda akudikirabe. Munthu wazaka 70 wa chifuwa cha fumbi la mumgodi sangatsegule imelo ina n'kuyambiranso unyamata. Kampani ya masewera ija, ngakhale imadyera ana a eni ake, imakuuza mwayi wako usanaponye, ndipo imalonjeza kuti pa 180 sudzabwerera chimanjamanja. Ife taponyeredwa mayere kuyambira 2006, ndi ndalama zathu, osafunsidwa, ndipo palibe amene anatiuza nambala imene chisoni chimayambira.

Dzulo mnyamata wabwera ndi nkhope yaulemu, manja kumbuyo. Maina opangira maimelo amuthera, akupempha langa. Ndamupatsa, pamodzi ndi maina onse a agogo, poti akungokhala. Ndamuuza chinthu chimodzi chokha: Zhongli akatuluka, asamutumize kukamenyana ndi zilombo. Munthu amene ndalama yake yakhala zaka zikwizikwi osachotsedwa ziro ngakhale imodzi akufunika ku Reserve Bank, pa Samora Machel Avenue. Timukweza kombi ya m'mawa yopita ku Harare. Yokwerera ndilipira ine, poti mkuluyo sayenda ndi ndalama.