Ufumu wa Mkamwini Uli Panja

Pa 12 February 2012 ndinakumbatiridwa ndi munthu amene anakhala akundisaka miyezi itatu chifukwa cha ndalama ya mbuzi yake. Tinali pa bala ina pa boma pa Chadiza, usiku umene Chipolopolo inkalimbana ndi Ivory Coast ku Libreville. Drogba ataponya penate yake m'mwamba ngati akugenda mango, mwini mbuzi anandigwira dzanja. Stoppila Sunzu atamwetsa penate yomaliza, zigoli n'kukhala 8 kwa 7, anandinyamula juu n'kumafuula kuti, "M'bale wanga! M'bale wanga!" Za mbuzi anadzakumbukira m'mawa mwake.

Tsiku limenelo ndinatola nzeru: ngati kanema angayanjanitse wangongole ndi mwini ndalama, kuli bwanji banja? Zinanditengera zaka khumi kuti nzeruyo ibale chipatso, poti kuganiza ndimafulumira koma thumba langa limayenda ngati nanzikambe. Mu 2022 soya atandikomera, ndinapita ku Chipata n'kukagula TV, dishi, dikoda, sola ndi batire. Pobwera ndinakhala kumbuyo kwa Canter nditaifukata TV ngati khanda lochokera ku sikelo.

Muyenera kudziwa kuti ine ndine mkamwini. Nyumba ndinamanga ndine, koma dothi lake ndi la apongozi. Ana ndinabereka ndine, koma akalakwa mlandu umapita kwa atsibweni awo. Ngakhale galu wa pakhomo amayamba wayang'ana amake mwana asanamvere ine. Choncho nditaona rimoti ndinati basi, ndodo ya ufumu ija yafika. A Gawa Undi ali ndi Mkaika, a Mlolo ndi a Zingalume ali ndi madera awo, ine ndidzalamulira pabalaza.

Madzulo oyamba ndinaika lamulo: 19 koloko tonse tizionera nkhani pa ZNBC, timve za feteleza wa FISP ndi mtengo wa chimanga wa FRA. Banja lonse linavomera ndi ulemu. Ufumuwo unatha masiku awiri.

Tsiku lachitatu ndinapeza amake mwana atakhala pa mpando wanga, rimoti ataimangirira pa nsonga ya chitenje, paja amasunga ndalama ya mchere. "Atate ake mwana, lero kuli Mpali," anatero. Kwa amene simuudziwa, Mpali ndi sewero la pa Zambezi Magic la mlimi wamitala wotchedwa Nguzu, amene akazi ake simungawawerenge ndi dzanja limodzi. Nguzu akanama, amake mwana ankatembenukira kwa ine. Nguzu akamwetulira mkazi wina, ankanditsonya. Usiku wina ndinagona osafunda chifukwa cha mlandu umene anapalamula munthu wa m'kanema.

"Amuna nonse ndinu amodzi," anatero.

"Koma amake mwana, uja ali ndi famu ndi galimoto. Ine njinga yomwe ilibe buleki."

"Ndiye mukanakhala ndi galimoto?"

Funso limenelo lilibe yankho lotulukira, ngati mono wa nsomba.

Kenaka kunabwera masewero a Amwenye a pa Zee World. Mmenemo munthu akamva uthenga woipa, kamera imaonetsa nkhope ya aliyense katatukatatu, ng'oma ikugunda, mpaka nsima pamoto kupserera. Mwana wanga wachisamba amadziwa maina a anthu onse a m'nyumba ina ya ku Mumbai, koma mutamufunsa dzina la agogo ake a kuchimuna amakanda m'mutu. Mzime amafuna zidole zake zolankhula. Mlamu wanga, amene anabwera kudzacheza masiku awiri chaka chatha, amafuna Arsenal. Batire nalo limangopirira maola awiri dzuwa likalowa. Anthu asanu ndi mmodzi, maola awiri, rimoti imodzi. Ngakhale bwalo la nyakwawa silingagamule.

Chachikulu chinachitika apongozi atayamba kubwera. Mwambo wathu mukuudziwa: mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso, sadyera pamodzi, akakumana panjira wina amalowa patchire. Koma kanema sadziwa mwambo. Apongozi ankakhala pa mphasa pafupi ndi khomo atandifulatira pang'ono, ine pa kampando kuseri kwa kabati, ndikuonera ndi diso limodzi TV imene ndinagula ndekha.

Tsiku lina mnyamata ndi mtsikana a m'filimu anayamba kuyandikizana milomo. Chete anagwa m'nyumba. Ndinatsokomola. Sanasiye. Ndinatuma ana onse atatu kukatunga kapu imodzi ya madzi. Amake mwana anayamba kumasula mfundo ya chitenje kuti atulutse rimoti, koma mfundo ya ndalama ya mchere simasuka msanga. Mlamu wanga anazama m'kuwerenga malata a denga. Ine ndinagwada n'kumafunafuna pansi pa tebulo chinthu chimene sindinataye. Pomaliza apongozi analankhula, akuyang'ana khoma: "Auzeni akamwini adzuke, atha."

Ndinayamba kudandaula kuti ndinawononga soya wanga. Kanemayu anayanjanitsadi banja, koma analiyanjanitsa potsutsana ndi ine. Pa nkhani ina iliyonse amakangana, koma ndikangoti "tiyeni timve nkhani," onse amakhala pakamwa pamodzi ngati kwaya ya Chigwirizano.

Tsono linafika Lolemba la pa 31 July 2023. Ma Copper Queens ankasewera ndi Costa Rica ku New Zealand pa mpikisano wa dziko lonse, kuno ili 9 koloko m'mawa. Spain ndi Japan anali atatithira zisanuzisanu, koma tinati wakwanu ndi wakwanu. Ana onse atatu anadzuka ndi mutu wowawa umene sunawalole kupita kusukulu. Aka kanali koyamba kuti nyumba yonse ifune chinthu chimodzi. Amake mwana anandipatsa rimoti ndi manja awiri. Misozi inalengeza.

Mpira utangoyamba, mwera wa July unaomba, mtengo wa dishi n'kupendekeka. Chithunzi chinasweka ngati galasi. Maso onse anagwera kwa ine, poti mkamwini ndiye wa ntchito zakunja. Ndinatuluka, n'kukwera pa mtondo, n'kugwira dishi.

"Kumanzere, atate! Ayi, mwapitirira! Pamenepo! Musasunthe!"

Ndisanapume n'komwe, nyumba inaphulika. Lushomo Mweemba anali atamwetsa chigoli choyamba cha Zambia pa mpikisanowo. Ndinafuna kutsika kuti ndikaone kubwereza, koma nditangosuntha phazi anakuwa onse, "Musasunthe!" Penate ya Barbra Banda ndinaimva ndi makutu. Chigoli chachitatu cha Racheal Kundananji ndinachidziwira ku nthungululu ya apongozi.

Koma pa mtondopo ndinkaona bwino pawindo. Mlamu wanga anali atanyamula mzime paphewa. Amake mwana ankavina ndi wachisamba, amene dzulo lake sankalankhulana chifukwa cha mbale zosatsuka. Apongozi, amene amati miyendo inawathera kalekale, ankatyola Chimtali pakati pa balaza. Nyumba yanga inali ikuseka pamodzi, monga ndinalotera pa bala paja.

Mpira utatha 3 kwa 1, ndinatsika mikono itauma gwaa. Madzulo ake mwana anabwera ndi mbale yovundikira yochokera kwa apongozi, muli nkhuku yathunthu, nthutumba ili momwemo. Uthenga wake unali wakuti, "Akamwini amagwira bwino dishi."

Zaka makumi awiri ndalima minda ya pamudzi pano osayamikiridwa chotere. Ndiye musandiuze za simenti yolimbitsira mtengo uja. Ndalama yake ndili nayo, koma ufumu sagwetsa wekha.