Maso a Nkhono pa Silabu

Konkire ndi chisakanizo cha simenti, mchenga, kwale ndi madzi, ndipo pa zomangira zonse palibe chimene chimasunga mwambo wa "kuona maso a nkhono n'kudekha" kuposa iyeyu. Aroma ankamupanga ndi laimu ndi phulusa la mapiri ophulika la ku Pozzuoli. Denga la Pantheon ku Rome, lotambalala mamita 43, linamalizidwa mu ulamuliro wa Hadrian cha m'ma 126, lilibe chitsulo m'kati, koma likadali chilili. Simenti ya lero inalembetsedwa mu 1824 ndi Joseph Aspdin, mmisiri wa njerwa wa ku Leeds, amene anaitcha Portland poti inkafanana ndi mwala wa ku Portland.

Ambiri amati konkire amauma. Zoona zake n'zakuti amalimba pomwa madzi: simenti ikakumana ndi madzi imamera timizu tosaoneka ndi maso togwira mchenga ndi kwale. Pakatha masiku 7 amakhala atapeza pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu zake, ndipo akatswiri amamuyeza pa tsiku la 28. N'chifukwa chake silabu imathiriridwa m'mawa ndi madzulo ngati dimba la mpiru, n'kufunditsidwa masaka onyowa.

Apa ndi pamene mwambi uja umasemphana ndi mwini nyumba wa m'tauni. Iye walandira kale lendi ya miyezi itatu, ndiye tsiku lachinayi amalamula kuti matabwa achotsedwe. Anyamata osakaniza nawo amathira madzi ochuluka kuti fosholo ipepuke, konkire n'kusanduka phala la mwana. Madzi otsalawo akauluka amasiya timabowo, ming'alu n'kutsatira, kenako mlandu umagwera mfiti za m'dera.

Konkire amapirira kupsinjidwa, koma akakokedwa amathyoka msanga. Joseph Monier, wolima maluwa wa ku France, analembetsa mu 1867 miphika ya maluwa yokhala ndi waya m'kati, ndipo lero lintala iliyonse imadalira nzeru yomweyo. Chitsulocho chikachita dzimbiri chimatupa n'kung'amba konkire wochikuta.

Polimba, konkire amatentha. Pomanga damu la Hoover ku America m'zaka za m'ma 1930, anayala mapaipi a madzi ozizira m'kati mwake kuti asang'ambike. Pa khonde la kunyumba vuto si kutentha ayi, koma nkhuku, imene sidikira ngakhale ola limodzi, ndipo mapazi ake amakhala pamenepo mpaka zidzukulu kumafunsa kuti inali ya yani.