Mwamva Dzina Lanu pa Wailesi?

Pulezidenti Lazarus Chakwera atathetsa mabodi a makampani a boma mu June 2020, matelala a ku Old Town adaiwala tulo. Aliyense amene adavinapo pamsonkhano wa chipani ankasoketsa suti. Maina atatuluka mu September, amayi adachita zionetsero mu October chifukwa adaikidwamo ochepa, pomwe lamulo la 2013 likuti amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse.

Akuti bambo wina wa ku Area 10 adapachika suti yake kuseri kwa chitseko, foni ili m'manja usana ndi usiku. Tsiku lina idalira, nambala yachilendo. Adatsokomola kaye kukonza mawu.

"Inde, ndine amene. Ndavomera kutumikira dziko."

"Zikomo bambo. Tapatsirani foniyo mayi akunyumba."

Sutiyo sidapite pachabe. Amaivala poperekeza mayi kumsonkhano, n'kumadikira panja ndi madalaivala anzake.

*

Pabawo ku Area 3, mkulu wina ankadzitama kuti akuyenera bodi ya madzi. Anzake adati amuyese.

"Madzi a mu Lilongwe amachokera kuti?"

"Kumpopi."

"Tikunena madamu a Kamuzu aja, ku Malingunde!"

"Ku Malingunde? Kuchoka ku City Centre ndi makilomita angati? Ndikufuna ndiwerengeretu za mafuta."

Onse adagwirizana kuti munthuyu ntchito akuidziwa.

*

Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino lidakhala lopanda makhansala. Atasankhidwa, mnyamata wina adathamangira agogo ogulitsa usipa pafupi ndi depoti.

"Agogo, makhansala abweranso!"

Agogo adayang'ana mulu wa zinyalala kuseri kwa benchi yawo. "Kauzeni awo. Iwo ndi ine sitidamve n'komwe kuti adachoka."

*

Komiti ya msika wina inkafuna anthu atsopano. Atcheya adaimirira ndi kapepala: mlembi ndi mlamu wawo, msungichuma ndi akazi awo, mamembala ndi mphwawo ndi mwana wa alongo awo wamkazi. Wogulitsa kaunjika adakweza dzanja.

"Atcheya, kodi imeneyi ndi komiti kapena chinkhoswe?"

"Werengani bwino, achimwene. Amuna atatu, akazi awiri. Ndi boma liti lidakwanitsapo 60 kwa 40 ngati ine?"

*

Bodi ina idakumana koyamba kuhotela. Abusa, amene sasowa m'mabodi athu, adatsegula ndi pemphero. Nkhani ya alawansi idatenga maola atatu, aliyense akuyankhula ngati loya. Itafika nkhani ya ntchito yeniyeni, amfumu adasuzumira wotchi nati, "Zimenezo tisiyire akatswiri, nsima ikuzizira."

Ngati dzina lanu silidatuluke ulendo uno, sutiyo musagulitse. Ikanimo mankhwala a njenjete, mabodi amathetsedwa boma likangosintha.