Baiti Imodzi Sisenza Denga

Mwambi wakale wakuti mutu umodzi susenza denga unabadwira pa ntchito yeniyeni, pakuti denga la nkhokwe linkamangidwira pansi, ndipo likatha amuna angapo ankalowa kunsi kwake n'kulinyamulira pamodzi mpaka kulikhazika pamalo pake. Akuluakulu amaponya mwambiwu kwa munthu wodzimva, wosafuna kupempha thandizo kwa anzake, koma palibe gulu limene linaunyalanyaza molimba mtima, n'kudzalangika nawo mochititsa manyazi, kuposa akatswiri olemba mapulogalamu a kompyuta, omwe kwa zaka zambiri ankakhulupirira kuti chilembo chilichonse cha padziko lapansi chingasenzedwe ndi mutu umodzi.

Mutu umenewo dzina lake ndi baiti. Kompyuta imadziwa manambala okha, ndipo imawasunga m'timagulu ta mabiti, biti kukhala kachizindikiro kamene kangakhale 0 kapena 1 basi. Mabiti 8 akakhala pamodzi amapanga baiti imodzi, yomwe ingasunge nambala iliyonse kuyambira 0 mpaka 255. Choncho kuti mawu alowe m'kompyuta pamafunika pangano lonena kuti nambala yakutiyakuti ikuimira chilembo chakutichakuti, ndipo pangano lotere limatchedwa encoding. Lotchuka kwambiri, la ASCII, linatuluka ku America mu 1963 lili ndi malo 128 okha, okwanira zilembo za Chingerezi, manambala ndi zizindikiro za m'kalembedwe, ndipo A wamkulu anapatsidwa nambala 65. Masiku amenewo moyo unali wokoma. Mawu olembedwa, amene m'zinenero za kompyuta amatchedwa string, anali mndandanda wa mabaiti, chilembo chimodzi baiti imodzi, kotero kuti wofuna chilembo chachisanu ankangowerenga mitu isanu n'kugwira amene wamupezayo. Kuitana chilembo potchula nambala ya malo ake kumatchedwa indexing, ndipo mkangano wokha umene unalipo unali wakuti kuwerenga kuyambire pa 0, monga m'chinenero cha C, kapena pa 1, monga mu Fortran, nkhani imene Edsger Dijkstra anailembera kalata mu 1982 poikira kumbuyo 0, ndipo mpaka lero sinathe.

Zinthu zinasokonekera pamene zinadziwika kuti anthu a mitundu ina nawonso amalemba. Malo 128 otsala m'baiti anagawidwa mwachisawawa, dera lililonse ndi pangano lake, Latin-1 ya mu 1987 kukhala ya kumadzulo kwa Ulaya, ena a Chigiriki, ena a Chirasha, moti nambala imodzimodziyo inkakhala chilembo china ku Paris ndi china ku Moscow. Chilembo cha ŵ, chomwe ndi w wovala kadenga kumutu, chopezeka m'Chiwelshi ndiponso m'dzina lakuti Malaŵi monga ena amalilembera, sichinapatsidwe malo mu Latin-1, ndipo m'banja la mapangano amenewa chinadikira mpaka 1998, pamene linatuluka pangano la zinenero za Chikelti. N'zomvetsa chisoni kuti chilembo chimene chinafika chitasenza kale denga lake ndicho chinauzidwa kuti malo atha.

Mu 1991 bungwe la Unicode Consortium linatulutsa kaundula mmodzi wa zilembo za zinenero zonse, m'mene chilembo chilichonse chili ndi nambala yakeyake yotchedwa code point, ya ŵ kukhala 373. Akatswiriwa anaumva mwambi uja ndi khutu limodzi: anavomera kuti mutu umodzi sukwanira, koma anagamula kuti mitu iwiri idzakwanira denga lililonse mpaka kalekale, popeza mabaiti awiri amapereka malo 65,536. Zinenero za Java ndi JavaScript, zomwe zinatuluka mu 1995, zinamangidwa pa chikhulupiriro chimenechi, ndipo chaka chotsatira, mu 1996, kaundulayo anakulitsidwa kufika pa malo 1,114,112. Kuyambira pamenepo chilembo cha nambala yaikulu chimasenzedwa ndi magulu awiri a mabaiti awiriawiri, m'pangano lotchedwa UTF-16, ndipo n'chifukwa chake kankhope koseka mpaka kugwetsa misozi, kamene anthu amatumizirana pa WhatsApp, JavaScript ikafunsidwa kutalika kwake imayankha kuti 2. Wotengapo theka loyamba amapeza kanthu kosaseka, kosalira, komanso kosadziwika kwa aliyense.

Amene anaumvetsa mwambiwu anali Ken Thompson ndi Rob Pike, omwe mu September 1992 anakonza pangano la UTF-8, ndipo malinga ndi kufotokoza kwa Pike, Thompson analijambula pa kapepala koyala pansi pa mbale m'lesitilanti ina ku New Jersey. M'pangano limeneli kukula kwa denga ndiko kumanena chiwerengero cha osenza: zilembo za ASCII zimakhala ndi baiti imodzi monga kale, zina ziwiri, zina zitatu, zina zinayi, ndipo baiti yoyamba imalengeza kuti osenza alipo angati, pamene zotsatira zimakhala ndi chizindikiro chosonyeza kuti n'zothandizira chabe. Chilembo cha ŵ chimasenzedwa ndi mabaiti awiri, 197 ndi 181, kotero kuti dzina lakuti Malaŵi lili ndi zilembo 6 koma mabaiti 7. Pulogalamu imene sinauzidwe za panganoli, n'kuwerenga baiti iliyonse payokha monga mwa Latin-1, imalemba kuti MalaÅµi, dziko limene palibe anabadwirako. Masamba ochuluka zedi a pa intaneti lero amalembedwa mu UTF-8, koma mtengo wake ndi wakuti wofuna chilembo chachisanu sangathenso kulumpha molunjika; ayenera kuyenda kuchokera koyambirira, kufunsa baiti iliyonse ngati ndi mwini denga kapena wothandizira.

Apa m'pamene zinenero za kompyuta zimaonetsa makhalidwe awo, pakuti funso limodzi losavuta, lakuti m'dzina lija muli zingati ndipo pa malo akutiakuti pali ndani, limayankhidwa mosiyanasiyana. Python 3, yomwe inatuluka mu 2008, imawerenga ma code point, imayankha kuti 6, ndipo poti imayambira pa 0, pa malo 4 imatulutsa ŵ wathunthu. Go, yomwe Pike ndi Thompson omwewo anali m'gulu la oiyambitsa, imayankha kuti 7, ndipo wopempha malo 4 amapatsidwa nambala 197, mutu umodzi wopanda denga, popanda ngakhale mawu opepesa. Julia imayambira pa 1 ndipo manambala ake a malo amatsata mabaiti, moti pa 5 imapereka ŵ, pa 7 imapereka i, koma wogogoda pa 6 amabwezedwa ndi uthenga wa StringIndexError, kumuuza kuti wagwira munthu amene ali pakati pa ntchito. Rust, imene inakhazikika mu 2015, ndiyo yaukali kuposa zonse, chifukwa imakana ngakhale kumva funsolo: pulogalamu yopempha chilembo ndi nambala yokha siivomereza n'komwe, ndipo yodula mawu pakati pa mabaiti a chilembo chimodzi imaimitsidwa pomwepo. Ophunzira ambiri amaiona Rust ngati yamwano, koma wolingalira mofatsa aona kuti kukana kumeneku n'kwaulemu kuposa kupereka yankho lolakwika momwetulira.

Okonda Python asafulumire kuomba m'manja. Unicode imalola kuti ŵ alembedwenso mwa njira yachiwiri, w wamba kenako kadenga kapadera kokhala ndi nambala yakeyake, komwe kamakwera pa chilembo chimene chili patsogolo pake. Diso limaona dzina lomwelo, koma Python tsopano imayankha kuti 7, mabaiti amakhala 8, ndipo mayina awiri ooneka chimodzimodzi amaweruzidwa kuti ndi osiyana mpaka atadutsa mu normalization, ndiko kuti kuwasandutsa onse kuti atsate kalembedwe kamodzi. Swift, ya kampani ya Apple, imawerenga zimene diso likuona ndipo imayankhabe kuti 6, koma nayonso, pozindikira kulemera kwa ntchitoyo, siilola kuitana chilembo ndi nambala wamba.

Nkhani ya mbendera ndiyo imafika poseketsa. Mu Unicode mbendera ya dziko ilibe nambala yakeyake, imapangidwa ndi zilembo ziwiri zapadera zotsata chidule cha dzina la dzikolo, MW kukhala Malawi, ZM Zambia ndi MZ Mozambique, ndipo foni ndiyo imaziphatikiza n'kujambula nsalu. Mbendera imodzi yotere ili ndi mabaiti 8 mu UTF-8, JavaScript imati kutalika kwake ndi 4, Python imati 2, Swift imati 1, ndipo palibe mwa izi chimene chikunama. Tsono ntchito imene wophunzira aliyense amapatsidwa m'masabata oyambirira ndiyo kutembenuza mawu kuti ayambire kumapeto. Wotembenuza mbendera ya Zambia mu Python amapeza ya Mozambique, kutanthauza kuti mzere umodzi wa pulogalamu wasamutsa munthu kuchoka ku Chipata kupita ku Tete popanda pasipoti, pamene wa ku Malawi amatsala ndi WM, chidule chosaimira dziko lililonse.

Wina angaganize kuti izi n'zovuta za akatswiri okha, koma zimafika mpaka pa mayunitsi a m'foni. Uthenga wa SMS umalola zilembo 160 ngati zonse zili m'kaundula waung'ono wa GSM, koma mukalowa chilembo chimodzi chosapezeka m'menemo, monga ŵ, uthenga wonse umasamukira ku pangano la mabaiti awiriawiri ndipo malire amatsika kufika pa 70, moti mawu a zilembo 150 amene akanapita kamodzi amagawika patatu, pokhapokha foni itachotsa kadengako mwakachetechete. Nako kachizindikiro ka m'liwu lakuti ng'ombe kali ndi nkhope ziwiri, koongoka ka nambala 39, ka baiti imodzi, ndi kopindika ka nambala 8217, ka mabaiti atatu, kamene Microsoft Word imakonda kuika yokha osafunsa. Wofufuza ng'ombe yoongoka m'kaundula wodzaza ng'ombe zopindika angauzidwe kuti khola lili mbee, ndipo pangano likasokonekera chiwetocho chimatuluka chitalembedwa kuti ngâ€™ombe.

Zonsezi n'zosavuta kupewa kwa amene amayamba wafunsa chimene akuwerenga, kaya mabaiti, kaya ma code point, kaya zimene diso likuona, ndiponso amene salandira mawu osadziwa pangano limene analembedwera. Wolemba pulogalamu yosunga mayina a anthu, ya kuchipatala, ya kubanki kapena ya kusukulu, asaipereke kwa eni ake asanaiyese ndi zinthu zitatu: dzina lakuti Malaŵi m'kalembedwe kake kawiri konse, ng'ombe ya kachizindikiro kopindika, ndi mbendera ya Zambia. Ikalephera pa chimodzi mwa izi, ibwerere kukakonzedwa.